Makina a Amock anaima panja

Amock Harawa ankawotcherera zitsulo pa Bolero, kuseri kwa chigayo. Ndi mlamu wanga, ndipo ndikakumbukira zimene anamuchita ku Mzuzu mtima umandiwira mpaka lero.

Kwa zaka makumi awiri ankapanga makina otonolera chimanga. Zitsulo ankatola ku magalimoto akufa, n'kuzipala ndi tupa mpaka zilowane bwino. Tupayo ndiyo inamudya dzanja lamanja. Zala zinayamba kuuma, ndipo kuchipatala anamuuza mosapsatira kuti akapitiriza kupala, dzanjalo lidzafa. Chimene chikanamupulumutsa ndi makina osemera zitsulo, amene ntchito ya masiku awiri amaimaliza pa kanthawi kochepa.

Ndiye chaka chatha kunamveka kuti boma likufuna kukweza opanga makina m'chigawo chakumpoto. Aliyense abweretse chimene amapanga ku chionetsero ku Mzuzu, ndipo wopambana apatsidwa makina osemerawo. Mlongo wanga Nelly, mkazi wake, anamulangiza kuti apange makina otonolera atsopano, awapake penti. Amock anakana. Kwathu kuno mlimi sagula chitsulo poona kunyezimira. Amafunsa kuti chagwira ntchito kwa yani, zaka zingati. Choncho anapita ku Hewe kukabwereka makina amene anagulitsa kwa mayi wina zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ngakhale kuwapukuta anakana, akuti fumbi la chimangalo ndiye umboni. Ananyamulanso thumba la chimanga chosatonola.

Pakhomo pa holo, bwana wovala baji anawayang'ana makinawo ngati waona galu wakufa. Anati adetsa kapeti, aime panja.

"Bwana, ingobwerani muone akugwira ntchito," Amock anachonderera. "Mphindi zisanu basi, yewo."

Anamuyankha kuti oweruza amupeza komweko. Amock anadikira padzuwa tsiku lonse, thumba lake lili pambali. Oweruza anatuluka kamodzi kokha, kupita kokadya, ndipo anamulambalala. M'katimo anapambana mwini sitolo wina wa m'tauni. Makina ake anali ofiira psuu, ndipo aliyense wodziwa zitsulo ankaona kuti ndi ogula kunja, wangomatapo dzina lake. Anthu ophunzira, a mataye m'khosi, sanafunse n'komwe ngati chinthucho chimatonola. Zimandinyansa. Makina osemera aja ndinawaona ndi maso anga mwezi watha, akadali m'bokosi kuseri kwa sitoloyo, pamwamba atayanikapo zovala.

Amock anabweza makina a mayi aja ku Hewe, n'kubwerera pa tupa yake. Akanadya chiyani? Nelly ankamuthowa dzanja ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, koma sizinathandize.

Pokolola chaka chino kunabwera alimi atatu a ku Hewe, aliyense akufuna makina ake. Amock anawapatsa mipando, natenga tupa kuti ayese. Inamupulumuka. Anaitola, inagwanso. Kachitatu sanaitole.

"Pepani chomene, adada," anatero. "Ine ndasiya, ndipo koti ndikutumizeni ndilibe."