Nkhope Yobiriwira ya Amayi a Mayeso

Tsiku limene Mayeso Kamtedza anakweza chithunzi chake pamaso pa anzake a Fomu 3, kalasi yonse inayamba yati zii. Kenako mtsikana wina wa kumbuyo anaphulika ndi phwete, ndipo onse anamutsatira. Ena ankamenya madesiki, ena misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

"Mzukwa uwo!" anakuwa Fred, amene ankakhala naye desiki imodzi. "Amwene, wajambula mzukwa!"

Mayeso anayang'ana chithunzicho, nayang'ananso anzakewo, osamvetsa. Iye anali atajambula amayi ake, amene anamwalira iye ali Sitandade 4. Analibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, choncho anawakumbukira masabata awiri athunthu: mphuno yawo, mpango wawo, kachipsera ka pachibwano. Chinalakwika n'chiyani?

Inu amene mukuona ngati zanu zinathera pamene anthu anakusekani, tamverani nkhani ya mnyamata ameneyu.

Sukuluyo inali yoyendera, kufupi ndi Nambuma. Mphunzitsi wa zaluso, Madamu Olive Kapalamula, anali atauza ophunzira kuti aliyense ajambule munthu amene amamukonda. Penti anali waufa, wosungunulira m'zivindikiro za mabotolo zopanda malemba. Maburashi anali timitengo totafuna kunsonga.

Madamu anamenya tebulo kuti phokoso lithe. Nkhope yawo inali itachita tsinya.

"Mayeso, kodi ukuseweretsa phunziro langa? Munthu unamuona kuti wa nkhope yobiriwira ngati tsamba la mpiru?"

"Yobiriwira bwanji, Madamu? Khungu la amayi linali lotero."

Kalasi inaphulikanso. Mayeso anang'amba chithunzicho pakati, natuluka osatsanzika.

Kwawo ankakhala ndi amalume ake, a Samson, mlimi wa fodya wa bale. Kumeneko dzina lake linali Wosasamala. Akamutuma kudimba ankabwera ndi tomato wosapsa. Nyengo yosankha fodya ikafika, ankaphatikiza masamba obiriwira ndi ofiira pamulu umodzi. Chaka china belo lathunthu linabwezedwa ku okushoni chifukwa cha kusakaniza kumeneko, ndipo amalume anamukwapula ndi lamba wa njinga mpaka msana unatupa.

"Maso akowo ndi okongoletsa nkhope basi?" ankatero a Samson.

Choncho Mayeso atafika kunyumba tsikulo anawauza kuti sukulu wasiya. Amalume sanatsutse. Anati ndi bwino, manja aonjezeka m'chigafa.

Panapita masiku anayi. Lachisanu masana, Madamu Kapalamula anatulukira pa njinga, atamanga chitenje, fumbi lili mbuu kumapazi. Anali atatola zidutswa za chithunzi chija n'kuzimata, ndipo china chake chinkawavuta mumtima. Mizere ya nkhopeyo inali yolondola kuposa ya wophunzira aliyense. Munthu wofuna kuchita chipongwe sataya masabata awiri pa chibwano.

Atapatsana moni ndi a Samson, anamasula kathumba n'kukhuthulira pamphasa ulusi woluka wa mitundumitundu.

"Mayeso, tandipatulira wobiriwira yekhayekha."

Mayeso anagwada, nasankha mosamala. Anaika pambali ulusi usanu ndi umodzi. Utatu unali wobiriwira, uwiri wa khofi, umodzi wofiira.

"Wamaliza?"

"Eya, Madamu. Wonsewu ndi umodzi. Kungoti wina ndi wakuderako pang'ono."

A Samson anasendera pafupi. Anatola ulusi wofiira uja ndi wobiriwira umodzi n'kuuika pafupi ndi maso a mnyamatayo.

"Iwe, usachite masewera pamaso pa alendo. Uwu ndi uwu akufanana?"

"Akufanana, amalume."

Madamu anagwira pachifuwa. "Mayi ine! Bambo, mwanayu sachita dala ayi. Zikuoneka kuti mitundu ina saiona. Ndipo ine ndinamukalipira pagulu."

Sabata yotsatira anapita onse atatu ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Dokotala wa maso anatsegula buku lodzaza ndi timadontho ta mitundu, nafunsa Mayeso kuti awerenge manambala obisika m'katimo. Tsamba loyamba anawerenga. Masamba otsatira ankangoona timadontho, pamene amalume ake pambali ankanong'ona manambalawo mosavuta.

"Anabadwa choncho," anatero dokotalayo. "Chofiira, chobiriwira ndi cha khofi zimamusokonekera. Mankhwala ake palibe. Kawirikawiri zimayenda m'magazi, kudzera kuchikazi."

A Samson anakhala pa benchi.

"Bambo athu," anatero mwapansipansi. "Malemu bambo athu sankasankha fodya. Ankati mutu umawapweteka, ntchitoyo nkusiyira amayi. Ife tinkati ndi ulesi." Anatembenukira kwa Mayeso. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukumenyera chiyani?"

Mayeso nayenso mutu unali utaima. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankaganiza kuti dziko limene iye amaona ndi lomwe aliyense amaona. Mu minibasi pobwerera ankayang'ana minda, zovala za anthu, zikwangwani za magolosale, n'kumadzifunsa kuti, kodi zimenezi anzangawa akuziona bwanji?

Lolemba anabwerera kusukulu, koma anapita molunjika kwa Madamu kukapempha kuti asiye phunziro la zaluso.

"Wojambula wosaona mitundu ali ngati woyimba wogontha," anatero.

Madamu sanatsutsane naye. Anapita kukhitchini ya sukulu, nabwera ndi khala limodzi lozima.

"Ili ndi la mtundu wanji?"

"Lakuda."

"Nanga pepala ili?"

"Loyera."

"Basi, wakhoza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakati pa chakuda ndi choyera pali dziko lonse, ndipo m'dziko limenelo maso ako ndi akuthwa kuposa anga. Khala pansi."

Musaganize kuti zinangoyenda kuyambira pamenepo. Makala a pambaula ankakala pepala n'kulibowola. Madamu anamuphunzitsa kuwotcha ake: kudula timitengo tating'ono touma, kutilongedza m'chitini cha mkaka, kuboola chivindikiro kabowo kamodzi, n'kuika chitinicho pamoto mpaka utsi utasiya kutuluka. Ulendo woyamba anatsegula msanga, zonse zinayaka n'kusanduka phulusa. Wachiwiri timitengo tinatuluka tosapsa m'kati. Ulendo wachisanu ndi pamene anapeza khala lofewa, lotsetsereka papepala ngati sopo.

Mapepala enieni ojambulira kunalibe. Ankatola matumba a simenti pamene ankamanga nyumba ya aphunzitsi, n'kusenda pepala la m'kati, n'kuliwongola ndi ayironi ya makala. Chofufutira chinali chidutswa cha patapata wakale.

Mwezi woyamba wonse Madamu sanamulole kujambula munthu. Anamupatsa dzira.

"Dzira lokha, Madamu?"

"Dzira lokha. Liike pawindo. Tsinzina pang'ono mpaka uone pamene kuwala kwagwera ndi pamene mthunzi wayambira. Usajambule dzira limene ukulidziwa. Jambula limene ukuliona."

Anajambula mazira oposa makumi atatu. Oyamba ankaoneka ngati miyala yophwatalala. Fred ankamutchula kuti Bambo Mazira. Koma tsiku lina Fred yemweyo anatambasula dzanja kuti atole dzira papepala, nabweza msanga, maso ali tong'o.

"Aaa! Iwe, ndimayesa lenileni!"

Ali Fomu 4, wophunzira aliyense anayenera kupereka ntchito yaikulu imodzi. Mayeso anasankha kujambula amalume ake ali m'chigafa, akusankha fodya. A Samson anakana kawiri, kachitatu anavomera, poti chibwerereni ku ulendo wa ku Namitete uja ankachita manyazi kumukaniza chilichonse.

Nkhope sinavute. Manja ndiwo anamuliza. Zala zinkatuluka ngati nthochi. Anafufuta mpaka pepala linabooka, nayambiranso pa lina. Madamu anamuuza kuti asiye kuwerenga zala, ayang'ane mipata ya pakati pa zalazo. Atatero, manja anayamba kukhala manja, a misempha ndi ming'alu ya munthu amene wagwira khasu zaka makumi anayi.

Anamaliza patatha masabata atatu. Anakulunga chithunzicho bwinobwino, nachimangirira pa keliyala ya njinga, ulendo wa kusukulu pa msewu wa mabampu. Atachitambasula pa tebulo la Madamu, onse awiri anangoti kakasi. Makala anali atakhuzana m'njira monse. Nkhope ya a Samson inali itasanduka chimtambo chotuwa. Manja aja kunalibe.

Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti ntchito ziperekedwe.

Mayeso anakhala pansi pa simenti, nagwira mutu. "Madamu, mwina Mulungu sakufuna."

"Mulungu usamunamizire. Wolakwa ndine, sindinakuphunzitse kumata makala. Koma ndikufunse: chimene chafufutika ndi pepala kapena luso?"

Anayambiranso. Ulendo uno zinamutengera masiku asanu ndi limodzi okha, chifukwa manja ake anali atadziwa kale njira. Kenako anayesa zomatira pa timapepala tapadera. Madzi a shuga anaitana nyerere. Phala la chinangwa linasiya mabanga. Chimene chinagwira ndi mkaka wosungunula kwambiri ndi madzi, woupemerera ndi pakamwa kudzera m'timachubu tiwiri ta bolopeni, ataima patali, pang'onopang'ono. Chithunzi chachiwirichi sanachikulunge. Anachiika pakati pa makatoni awiri, nachisenza pamutu, nayenda wapansi makilomita asanu ndi awiri.

Pa tsiku la makolo, ntchito zonse zinapachikidwa m'kalasi. Panali madengu, miphika yadothi, nsalu zodinda ndi zithunzi za penti. Koma anthu anaunjikana pakona imodzi pamene panali chithunzi cha Mayeso, mpaka ena kumasuzumira pawindo.

"Iyi ndi ya kamera iyi," anatero mayi wina. "Asatinamize."

"Ndi makala, mayi," anayankha Fred monyadira, ngati wajambula ndiye.

A Samson analowa atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anthu anawapatukira, akuyang'ana iwo, akuyang'ana khoma. Iwo anaima pamaso pa chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anakweza manja awo, nawatembenuza, nawayang'anitsitsa ngati ndi a munthu wina.

"Kodi ndakalamba chonchi, eti?" anafunsa. Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Anavula chipewa, nanena mokweza kuti aliyense amve: "Mwana uyu ndinkamunena kuti alibe maso. Wopanda maso ndinali ine."

Pakati pa alendo panali bambo mfumu a parishi. Anaitanitsa Mayeso, namufunsa ngati angathe kujambula zithunzi khumi ndi zinayi za Njira ya Mtanda za tchalitchi chaching'ono chimene akhristu anali atangomanga kumene kumudzi wina.

Mayeso anachita chibwibwi. "Abambo, ine mitundu sindiona."

"Sindinafunse za mitundu. Ungathe?"

"Ndiyesa."

Atalemba mayeso a Fomu 4, ntchitoyo inamutengera miyezi isanu. Nkhope za m'zithunzizo anazitenga kwa anthu a m'mudzi momwemo. Simoni wa ku Kirene anali mkulu wina wokonza njinga, ndipo amayi olira a ku Yerusalemu anali amayi a pa mjigo. Tsiku lodalitsa zithunzizo anthu ankalozerana, kugwira pakamwa, ena kulira. Kuchokera pamenepo dzina lake linayenda lokha, kuchoka ku Nambuma kufika ku Nsaru mpaka ku Mpingu.

Lero Mayeso ali ndi kachipinda kake pa Namitete. Amajambula nkhope za maukwati, za makolo okalamba, za ana obatizidwa. Loweruka lililonse pakhonde pake pamadzaza ophunzira a sukulu zozungulira, amene amabwera ndi ntchito zawo zowakanika: mphika wosweka pouwotcha, nsalu imene utoto wake wathawa, chithunzi cha mutu waukulu kuposa thupi. Iye sayamba ndi kukonza. Amayamba ndi funso: "Tandiuza, unachita bwanji kuti zifike apa?" Amati wophunzira amene angathe kufotokoza mmene walakwitsira ndiye kuti theka la ntchito walimaliza kale.

Maso ake sanachire, ndipo sadzachira. Chimene anabadwa nacho chili pomwepo mpaka lero.

Inunso mwina muli ndi chanu chimene sichidzasintha. Mwina anakutchani dzina kunyumba, mwina ntchito yanu ya masabata atatu yafufutika m'mawa umodzi. Lirani ngati kuli kofunika, palibe choletsa. Koma mukapukuta misozi, funsani chimene chatsala m'manja mwanu, ngakhale chitakhala chaching'ono chotani, ndipo muchigwiritse ntchito mpaka chilankhule. Ndipo inu makolo ndi aphunzitsi, musanakweze mkwapulo, yambani mwafunsa mwana chimene akuona.

Mtima wanu musauponye pansi. Tolani pepala lina, muyambirenso.