Kadontho Kofiira pa Bokosi la Kazitape

Lyall Treloar wa ku Kadina anagwira ntchito yokonza makina okololera tirigu mpaka mawondo atakana. Atapuma, anzake ena anagula mabwato, ena anayamba kugubuduza mipira pa kapinga wa kalabu. Iye analowa m'shedi yake kuseri kwa nyumba n'kuyamba kupanga zida za kazitape.

Kazitapeyo sanakhalepo padziko. Anali wa m'sewero lina la ku Mangalande limene linkaonetsedwa pa kanema Lyall ali mwana, zithunzi zikadali zakuda ndi zoyera basi. Nkhani za seweroli anaziiwala kalekale. Mukamufunsa kuti anapha mnzake ndani, sadziwa. Zimene zinam'khala m'mutu ndi zida, makamaka bokosi la zometera ndevu. Kazitape akafika m'hotela ankalitsegula, kuchotsa lumo ndi burashi, kutukula kathabwa ka pansi, ndipo pamenepo panali wailesi: timagetsi titatu ndi kagudumu ka mano. Akapotokola kagudumuko, bwana wake ankayankha.

Anthu otere alipo, si Lyall yekha. Amakumana kamodzi pa chaka mu holo ya mpingo ku Adelaide, ambiri a iwo amuna a imvi, aliyense ndi tebulo lake. Ali ndi lamulo lawo. Amene ankapanga zida za seweroli analibe nthawi, ankangotola chimene chili pafupi, kaya chivindikiro cha botolo la mafuta onunkhira, kaya chogwirira cha kabati, n'kumata, n'kupaka penti. Tsono kwa anthuwa kupanga chofanana nacho si kokwanira. Uyenera kudziwa kuti kanthuko kanachotsedwa pa chiyani, ukapeze kenikeniko. Ukalephera n'kusema wekha palibe amene amakuletsa, koma amakumatira kadontho kofiira pambali pake, kuti aliyense adziwe kuti n'kopeka.

Bokosi la Lyall linali ndi kadontho kamodzi. Lumo analipeza, burashi anaipeza, timagetsi anazindikira yekha kuti tinachokera pa makina akale a matelefoni. Kagudumu ndiye kanakanika. Anakasema ndi mkuwa pa makina ake osemera zitsulo, ataimitsa chithunzi cha kanema n'kumayeza ndi galasi lokulitsa, ndipo kanatuluka bwino moti mukakaika pafupi ndi chithunzicho simukanasiyanitsa. Kadontho anamumatirabe.

Mnzake wa m'gululi anali Vic Zammit, amene kale ankayendetsa lole ya buledi. Chaka chilichonse Vic ankafika pa tebulo la Lyall, manja m'thumba.

"Wabweranso ndi chibokosi chako chija, aise? Sichikuphulikabe?"

"Uziona zako. Ndodo ya kazitape wapangayo ikungooneka ngati mwendo wa tebulo."

"Ndi mwendo wa tebulodi. N'chifukwa chake ilibe kadontho."

Lyall sankafuna mphoto. Ankafuna kudziwa kuti kagudumuko kanali ka chiyani, ndi kuti kadonthoko kachoke. Anafufuza ku mtaya wa tauni ndi m'masitolo a mipingo ogulitsa katundu wakale. Pafamu pakakhala malonda, mwini wake atamwalira kapena atasamuka, iye ankayamba kufika. Anasuzumira pa masitovu, pa mafani, pa mawailesi, mpaka pa mpando wakale wa dokotala wa mano. Mkazi wake Noreen ankamudikira m'galimoto akudya pasti yake, mkate wokulungamo nyama ndi mbatata, nthawi zina ya mwamuna wake yomwe.

Noreen anali wosoka. Chipinda chake chinali chakumaso kwa nyumba, ndipo anagwirizana atangokwatirana kuti shedi ndi ya mwamuna, chipindacho n'cha mkazi, wina asamagwire za mnzake. Makina ake osokera anabwera pa sitima ya pamadzi ndi mayi ake kuchokera ku Mangalande. Anali olemera, obiriwira, a fakitale imene inatsekedwa kalekale. Kutsogolo kwake kunali kagudumu kokhwimitsira ulusi, koma palibe amene ankakaona. Mayi ake a Noreen anali ndi zala zotupa, mano a kagudumuko ankawapweteka, ndiye anakakulunga ndi pulasitala wa pabala. Noreen anapitiriza zomwezo. Pulasitala akada, ankangomata wina pamwamba.

Chilimwe china kunatentha kwambiri mu Januwale. Mdzukulu wa mkulu wake wa Noreen anali kukwatiwa mu Epulo, ndipo madiresi a operekeza mkwatibwi ankasoka ndi Noreen. Buluku la Lyall la ku ukwatiko linali lalitali.

"Vulani, ndipindiretu," anatero Noreen.

"Pompano?"

"Mukufuna ndikapindire ku tchalitchi?"

Lyall anavula n'kuima pakhomo la chipindacho ndi kabudula wamkati. Noreen anagwira kagudumu kuti akhwimitse ulusi, ndipo pulasitala yense, wa zaka zonsezo, anasololoka ngati chipewa. Ulimbo wake unali utasungunuka ndi kutentha. Noreen anang'ung'udza n'kuyamba kufunafuna wina m'dirowa.

Lyall anayang'anitsitsa kagudumu kovundukukako. Analowa m'chipindamo, n'kugwada ndi mawondo ake oipawo, n'kupendeka mutu kumanzere, chifukwa pa kanema kagudumuko kankaoneka chakumanzere. Mano ake anali omwewo. Kamzere kosongoka ka pakati kanali komweko.

"Mukutani inu? Mukupemphera?"

"Noreen, makinawa akhala muno nthawi yonseyi?"

"Ayi, amapita kutchuthi chaka chilichonse. Dzukani apo, anthu akudutsa pamsewu."

Anamufotokozera. Noreen anamvetsera singano zili pakamwa, kenako anazilavulira m'dzanja.

"Ndiye ndakhala ndikupsa m'galimoto, inu mukufukula m'mitaya, chinthucho chili m'nyumba mwanga?"

"Munakakulunga."

"Simunafunse."

Lyall anaimbira foni Vic tsiku lomwelo, buluku asanavale.

"Wanama," anatero Vic. "Makina osokera? Ndiye ukudikira chiyani? Masula usiku ali m'tulo."

"Iwe ndi uja mkazi anakuthawa uja?"

"Awiri, aise. Koma ndilibe kadontho."

Lyall si munthu woba m'nyumba mwake. Anapita kwa Noreen ndi kagudumu kake ka mkuwa m'dzanja, n'kunena kuti asinthane. Kake kapite pa makina, ka pa makina kapite pa bokosi. Msonkhano wa ku Adelaide unali mu Marichi.

"Ndiye kabodza kakhale pa makina enieni, kenikeni kakakhale pa wailesi yabodza?"

"N'zofanana. Ndinayeza."

"Kakasoka bwino, tengani. Kakapanda kusoka, mubwezerepo musanadye."

Anamasula kenikeni, n'kumangapo kake. Kanalowa bwinobwino. Noreen anaika chigamba pansi pa singano n'kuponda. Makina analira kawiri katatu n'kuima. Atatembenuza chigambacho, kunsi kwake ulusi unali utapiringizana ngati chisa cha mbalame.

Lyall anatembenuza kenikeni kaja m'dzanja mwake n'kuona kumbuyo kwake koyamba. Kunali kamgula kozokotedwa kokhalamo sipuling'i, ndi kamsomali kakang'ono kokankha timbale timene timapana ulusi. Kake kanali kosalala kumbuyo ngati ndalama yakutha. Pa kanema kumbuyoko sikunaonekepo, ndiye iye anasema chimene anaona.

"Ha," anatero. Sanakwiye. Anakhala pa mpando wa Noreen n'kumayang'ana kamgulako nthawi yaitali. "Opanga zida za sewero aja ayenera kuti anadula kamsomalika kuti kagudumu kakhale bwino pa thabwa."

Ananena modzilankhulira yekha, koma Noreen anamva.

"Anadula? Ndiye nanunso mudula?"

"Pang'ono chabe."

"Bwezeranipo."

Anabwezerapo. Noreen anamulola kuyeza kumbuyoko masana aliwonse akamamwa tiyi, iye ali pomwepo, ndipo tiyi akatha kagudumu kabwerere pamalo pake. Lyall anasema kena. Kanasoka nsalu yopyapyala, pa yokhuthala kanadumphitsa. Anasemanso kena. Aka kanasoka nsalu yokhuthala, koma pa nsalu yoterera ya madiresi kanakwinyitsa msoko. Mkuwa umaterera mosiyana ndi chitsulo, anatero, n'kuyamba kufunafuna chitsulo choyenera. Anafunsa Noreen mafunso amene sanafunsepo chikwatirireni: chifukwa chake ulusi wapamwamba ndi wapansi uyenera kukokana mofanana, ndi mmene iye amadziwira ndi khutu kuti wakhwima kwambiri.

"Mukufuna kuphunzira kusoka kapena kundibera?"

"Zonse."

Marichi anafika kagudumu kake kakukwinyitsabe. Madiresi awiri anali asanathe. Lachisanu, msonkhano uli mawa lake, Lyall anapukuta bokosi lake, n'kumangapo kagudumu kake kakale ka mkuwa, n'kuliika m'galimoto. Anajambula makinawo chithunzi kuti akaonetse anzake, chifukwa nalonso ndi lamulo: ukazindikira gwero la chinthu umauza onse, subisa. Za kutenga kenikeni sanazitchulenso.

Loweruka m'mamawa anapeza Noreen atavala kale, makina ali m'chikwama chake chathabwa pakhomo.

"Nyamulani. Ndi msana, osati ndi mawondo."

"Akupita kuti?"

"Kumene ndikupita ine. Kagudumu ndikubwerekani masana ano okha. Simudula kanthu, simumata kanthu. Ndimasula ndekha, ndimanganso ndekha."

Anawaika pa mpando wakumbuyo n'kuwamanga lamba.

Ku holo, Noreen anaika makina pa tebulo pambali pa bokosi, n'kutulutsa sikuludiraiva yake yaing'ono, n'kumasula. Lyall anakhazika kagudumuko pa wailesi. Chifukwa cha kamsomali kaja kanakhala mopendekeka pang'ono, kotukuka mbali imodzi. Amuna a imvi anaunjikana. Wina anabwera ndi chithunzi chachikulu cha m'seweroli, wina ndi galasi lokulitsa, n'kumayang'ana uku ndi uku.

Vic anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza.

"Ndi komweko, galu iwe. Koma kapendekeka."

"Mutu wako ndi umene wapendekeka."

"Ayi, taonani," anatero wa chithunzi uja, Graeme Pascoe, amene ankayang'anira za timadontho. "Pa chithunzi apa napo n'kopendekeka. Onani mthunzi uwu. Ife timayesa kuti ndi kamera."

Lyall analanda chithunzicho. Anali atachiyang'ana zaka zambiri, ndipo mthunziwo ankaudziwa. Anthu aja sanadule kamsomali. Anangokhazika kagudumu mmene kanaliri n'kupita kukadya.

"Aulesi," anatero, akumwetulira.

Kenako mkangano unabuka. Vic anati chobwereka si chako, kadontho kakhale. Wina anati lamulo limanena zopeza, silinena zogula. Wina anafunsa ngati katundu wa mkazi ndi wa mwamunanso, ndipo Noreen anamuyang'ana mpaka munthuyo anapita kukafuna tiyi. Graeme anakanda dazi lake.

"Mayi Treloar, mwamubwereka mpaka liti?"

"Mpaka mutayamba kupinda matebulo."

"Ndiye mpaka tipinde matebulo, bokosili lilibe kadontho."

Anakamatula ndi chikhadabo. Vic anatambasula dzanja, n'kukalandira, n'kudzimata pamphumi, ndipo anayenda nako choncho masana onse.

Lyall sanachoke pa tebulo lake, ngakhale kukagula chakudya. Aliyense wofika ankamuonetsa kutsogolo, kenako n'kutukula kagudumu kuti aone kumbuyo. Kumbuyoko ndi kumene ankafotokoza kwambiri. Amuna atatu anafunsa Noreen ngati angagulitse makinawo. Mmodzi anati akungofuna kagudumu kokha, enawo atha kutaya. Noreen anakhazika chigongono pa makina n'kupitiriza kuluka juzi imene anabwera nayo.

Dzuwa litapendeka, miyendo ya tebulo loyamba kupindidwa inalira kumapeto kwa holo. Noreen anatambasula dzanja. Lyall anamupatsa kagudumu, iye n'kumanga, n'kulowetsamo ulusi, n'kuyesa pa chigamba ndi dzanja. Msoko unatuluka wowongoka. Graeme anabwera ndi kadontho katsopano n'kumata pa bokosi, pamalo pomwe paja.

Ali m'njira yobwerera, atadutsa tauni ya Port Wakefield, Lyall anati mwina vuto si chitsulo ayi, koma kuya kwa kamgula.

"Mudzayeza ukwati ukatha," anatero Noreen. "Yang'anani msewu."