Chitsulo cha M'chiuno mwa Amayi

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Unali mwezi wa Juni, ndipo nkhungu inali itaphimba minda ya mbatatesi kuno kwa Kaphuka. Amayi a kwaya amene anachezera pasiwa anali atasasa mawu. Panja abambo ankaotha moto atafunda mabulangete, adzukulu atanyamuka kale ndi makasu kupita kumanda.

Amayi anga anamwalira Lachiwiri. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anagwa pa lole ya mbatatesi n'kuthyoka chiuno, ndipo kuchipatala cha mutauni anawaika chitsulo. Chitsulocho chinali chosapangidwa bwino. Chinkanyenyeka m'thupi, mwendo n'kumatupa, mpaka madokotala anachichotsa chaka chatha. Amayi anakana kuchisiya kuchipatala. Anabwera nacho m'botolo, ndipo ndi iwo amene anayamba kufunafuna anzawo ovutika chimodzimodzi kuti asumire kampani imene inachipanga. Koma impso zawo zinali zitaonongeka kale ndi mankhwala opha ululu amene anamwa zaka zonsezo. Mlandu anausiya uli m'khoti.

Dzuwa lisanatuluke, amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati botololo lilowe m'bokosi. Chitsulocho chinakhala m'thupi la mlongo wawo zaka zisanu, choncho ndi chiwalo chake, ndipo munthu saikidwa moperewera. Ndinawauza kuti loya anandiimbira foni kuti chitsulocho ndiwo umboni waukulu, poti za anzawo zinatayidwa kuchipatala, zina zikadali m'matupi. Amalume anangoti makhoti ndi a anthu amoyo. Sindinafune kukangana nawo tsiku ngati limeneli. Ndinakatenga botolo pansi pa bedi n'kuwapatsa, iwo n'kuliika m'thumba la jekete kuti adzaliike okha potseka bokosi.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga kuchokera ku Kabwazi, ena pansi kudzera tinjira ta ku Chongoni. Utsi wa nkhuni zaziwisi unadzaza pabwalo pomwe azimayi ankaphika nyemba ndi kabichi. Kenako kunayamba kuwaza.

Cha m'ma teni koloko minibasi inaima kumsewu, chifukwa njira yobwera kwathu galimoto silowa. Munatsika anthu amene sitinkawadziwa, pafupifupi onse ali ndi ndodo zoyendera. Mtunda woti munthu amayenda mphindi khumi unawatengera pafupifupi ola. Ankatsetsereka m'matope, n'kumagwirana. Pabwalo tonse tinkangowayang'ana.

Mmodzi wa iwo, mayi wachitsikana wobereka mwana kumbuyo, anafika pomwe panakhala amalume.

"Pepani bambo, kugwada sinditha," anatero.

Anafotokoza kuti amayi anga anamupeza pamzere kuchipatala akulira, kwawo akumuuza kuti analodzedwa. Ndi amayi amene anamuonetsa botolo lija n'kumuuza kuti vuto ndi chitsulo. Chake chikadali m'thupi, ndipo chimene ankayembekeza pamlanduwo n'chakuti achichotse mwana wake asanayambe kuthamanga. Amalume anangonyamuka n'kumupatsa mpando wawo.

Akatekisiti atamaliza mapemphero, amalume analowa m'nyumba kukatseka bokosi. Ndinawaona akuikamo korona ndi nsalu ya mpingo. Ndinayang'ana kumbali, kenako ndinamva misomali.

Tinanyamuka kuwaza kutaleka. Onyamula bokosi anayenda pang'onopang'ono, mosiyana ndi masiku onse, kuti a ndodo aja asatsale. Tili pakati pa njira, amalume anabwera pambali panga n'kundikankhira chinthu chozizira m'manja, pansi pa nsalu.

"Sunga," anatero. "Mayi ako akanandikalipira."

Titaika nkhata, loya uja, amene anabwera nawo pamaliro, anandiuza kuti mlandu sufa ndi munthu. Ine monga mwana woyamba ndikhoza kuimirira m'dzina la amayi. Ndinavomera pomwepo, ndisanasambe ndi m'manja momwe.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Pabwalo panatsala phulusa, mafuwa ndi mabenchi a kutchalitchi. M'nyumba ndinkapinda mphasa pomwe amalume anaima pakhomo, nthawi yaitali, ngati aiwala chimene abwerera. Kenako anafunsa ngati kukhoti amalola munthu wongobwera kudzamvera.

Ndinati amalola.

"Tsikulo undidzutse m'mawa," anatero. "Tipitira limodzi."