Kathumba ka M'jekete ya Atelala

Pa nyumba yosungirako okalamba ija, wodziwa zinsinsi zambiri sanali namwino kapena bwana wa pamalopo. Anali mayi wochapa. Zaka khumi ndi zinayi anazithera m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, pakati pa mashini awiri ndi tebulo lositira, zala zitachita kusuwa ndi sopo. Mayiyu sankakhulupirira munthu msanga, makamaka wovala bwino. Nanga akanakhulupirira bwanji, poti ntchito yake yoyamba m'mawa uliwonse inali kupisa m'matumba mwa anthu?

Ankapezamo zambiri, zidutswa za buledi, mano oikirira, makalata olembera ana amene sabwera. Koma m'jekete ya atelala ankapezamo mapiritsi. Atelalawa anali nkhalamba yosalankhulalankhula, ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo kale ankasoka masuti. Singano anali asanaiiwale. Kunsi kwa khwapa la jekete anasokako kathumba kosaoneka, ndipo namwino akangotembenuka, piritsi la kuthamanga kwa magazi limene analibisa kutsaya linkathera mmenemo.

Mayi wochapa atatulukira mapiritsiwo koyamba anawafunsa atelala. Iwo anati mapiritsiwo amawapatsa chizungulire, anadandaulapo kawiri koma anangouzidwa kuti ndi ukalamba. Anamupempha kuti asawaulule, iye navomera. Kutaya mapiritsiwo m'bini ankaopa, kuti wina angawaone n'kuyamba mafunso, choncho ankawaponya m'chitini cha mkaka chimene anachibisa kuseri kwa mabotolo a sopo. Chaka ndi theka chinatha chitini chikulemera.

Ndiye kunabwera mtsikana wa zamankhwala, wa nsapato zosagwira fumbi, akuti watumidwa kudzaunika mankhwala a nkhalamba iliyonse, kuti aone osayenera msinkhu wawo ndi ongomwedwa chifukwa palibe anakumbuka kuwasiyitsa. Mayi wochapa anangoti mumtima, tikudziwa. Munthu sayamba kuwerenga mapiritsi ngati sakufuna wakuba, ndipo pamalo ngati amenewa wakuba amakhala wovala epuloni. Mtsikanayo atamupatsa moni mwaulemu n'kumufunsa kuti wagwirapo zaka zingati, m'pamene anatsimikiza kuti pali nkhani.

Mtsikanayo anakhala m'chipinda chodyera ndi mulu wa mafayilo. Agogo ena amene ankamwa mitundu khumi ndi umodzi anawalembera kuti dokotala awachotsere isanu. Ena anawapeza akumwabe ogonetsa amene anapatsidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Koma pa fayilo ya atelala anakhalitsapo, ndipo mayi wochapa, amene ankachotsa nsalu za pamatebulo, anatchera khutu. Dokotala anali atawonjezera mlingo katatu n'kuikaponso mtundu wachiwiri, chifukwa magazi sankatsika.

“Mankhwala ochuluka chonchi angagwetse ngakhale chiphona,” anatero mtsikanayo. “Kaya sakumeza, kaya sakuwafika.”

Namwino anafufuma. Anati amawapatsa ndi dzanja lake, ndipo kuti mkangano uthe, kuyambira mawa aziwaperera onse mu tiyi. Mtsikanayo anamuuza kuti adikire dokotala Lachisanu. Koma mayi wochapa ankamudziwa namwino uja, akati mawa ndi mawa ndithu.

Anabwerera kochapira. Mwina anangopangana awiriwo kuti alankhule iye akumva, aone ngati adzidzimuke. Akatulutsa chitini, ndani akhulupirire kuti wochapa amasunga mapiritsi mazanamazana chifukwa cha chifundo? Adzati amagulitsa. Ndipo nkhalamba ija anailonjeza. Koma akakhala chete, mawa m'mawa thupi losazolowera ngakhale piritsi limodzi lilandira onse nthawi imodzi. Anasita nsalu imodzi kawiri osazindikira.

Mtsikana uja akulongedza chikwama, mayi wochapa analowa n'kukhuthula chitini patebulo. Mapiritsi oyera ndi ofiirira anabalalika mpaka ena kugwera pansi. Anaima manja ali m'chiuno kudikira kuti amutche wakuba, yankho atakonzeratu. Mtsikanayo anangofunsa kuti ndi a ndani, ndipo anayamba liti. Kenako anaimbira dokotala nthawi yomweyo, naletsa zopera zija. Anakakhala ndi atelala pafupifupi ola, akuwafunsa za chizungulire. Lachisanu dokotala anafufuta zonse n'kuyambanso ndi kapiritsi kamodzi kakang'ono ka mtundu wina.

Mayi wochapa ntchito sinamuthere. Bwana anangomukalipira pang'ono chifukwa chosanena msanga, namwino anamukwiyira mwezi wathunthu, zomwe sizinamudetse nkhawa konse. Atelala anayamba kumeza, magazi anatsika, ndipo ankayenda mpaka kugeti osagwira khoma. Mayiyo anasangalala zenizeni, mpaka anayamba kuganiza kuti mwina atelala amuthokoza.

Lolemba lotsatira anapita kuchipinda kwawo ndi dengu lake. Anawapeza atakhala pampando, jekete itavalidwa, mabatani onse atamanga. Zovala zina zonse anali atazipinda bwinobwino pabedi. Anawapatsa moni, iwo nayankha mwaulemu woposa masiku onse, ulemu wopatsa mlendo. Atatambasula dzanja kuti alandire jekete, nkhalambayo inapukusa mutu.

“Iyi isiyeni, mayi. Ndizichapa ndekha.”

“Abambo, akanakuphanitu.”

“Mwina,” anatero atelala, maso ali pawindo. “Koma m'nyumba muno ndinali ndi munthu mmodzi yekha.”

Anakhala zaka zina zitatu ali ndi mphamvu. Zaka zonse zitatuzo mayi wochapa ankadutsa pakhomo pawo n'kuwaona atawerama pa beseni losambira m'manja, akufikisa jekete okha, ndipo sanamuitanenso ngakhale kamodzi kuti awathandize kufinya.