Ndinaphika Ndalama ya Ulendo wa Asiyatu

Uthenga unandipeza pa thandala loyanikapo nsomba ndikutembenuza usipa, manja ali mamba okhaokha. Asiyatu anabwera chothamanga, foni m'manja, mpango utagwera m'khosi. Akuti, "Anganga, anditenga ntchito!" Ine usipa uko, lichero uko, nthungululu m'mwamba! Ndinavina, inu owerenga, ndinavina mpaka mudzi wathu wonse wa Lungwena unatuluka m'nyumba. Ndipo mkati mwa kuvina komweko ndi mmene ndinalakwira. Ndikulemba ndi zilembo zanga zokhota za sukulu ya kwacha kuti wina asadzavine ngati ine.

Asiyatu ndi mdzukulu wanga. Mayi ake anatisiya iye akukwawa, ndiye ndamulera ndi usipa, ndamuveka ndi usipa, mpaka za unamwino wamaliza ndi usipa. Ntchito inapezeka pa kachipatala kena ka m'mapiri ku Dedza. Anamuuza kuti akafike Lolemba la sabata inayo, akapanda kufika malo apatsa wina.

Ndinali ndi kandalama kanga ka ku banki m'khonde, kochepa koma kanga. Mwana anandichonderera kuti tifunse kaye za kumeneko. Ine ayi. Ndinati mwana wamasiye apeze ntchito, mudzi osadya? Adzanditi chiyani anthu amene ankandigawira mchere? Ndinagula mbuzi kwa Che Ajibu, ndinagula mpunga, mafuta, shuga wa thobwa. Ashehe anabwera kudzachita pemphero la duwa, anzathu a ku tchalitchi anabwera ndi nyimbo zawo. Tinadya, ee, tinadya! Agalu mafupa anachita kutopa nawo.

Kutacha Asiyatu anaimba foni ku Dedza kuja. Ndinaona nkhope ikugwa, ikugwa. Nyumba za pachipatala zadzaza. Eni nyumba za lendi akufuna ndalama yotsogola asanapereke kiyi. Malipiro mpaka mwezi uthe. Ndiye yokwerera, ndiye yodyera. Ndinamasula mfundo ya chitenje changa, munangotsala ya sopo. Ife kuno mlendo akabwera timamuyalira mkeka, basi wagona, ndiye ine ndinkayesa dziko lonse lili choncho.

Mwana sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Anganga, basi, ndiwauza apatse wina." Ndinati, "Iwe Asiyatu, ukangoimba foni imeneyo ndiiponya m'nyanja. Mbuzi yapita, koma ntchito sipita."

Sindinalire. Misozi sikweza munthu galimoto. Ndinamanga chitenje zolimba n'kuyamba khomo ndi khomo, kwa onse amene anatafuna mbuzi ija. Ndalama sindinapemphe, chifukwa mwera unali utayamba, ngalawa zili pamtunda, m'matumba mwa anthu muli mphepo. Ndinkangofunsa kuti, muli ndi chiyani chimene chingafike ku Dedza?

Che Mbwana, mnyamata woyendetsa lole ya nsomba zouma yopita ku Lilongwe, anandiseka. Akuti, "Amama, kani mbuzi ija inali tikiti?" Ndinati, "Eya, ndipo iwe unadya mwendo wonse, ndiye mwanayu akhala kutsogolo." Anaseka mpaka misozi, n'kuvomera kuti adzamutsitsa pa Dedza.

Amake Lusi a ku tchalitchi anakumbukira kuti mng'ono wawo amagulitsa usipa pamsika wa kumeneko. Anamuimbira. Iye anati mtsikanayo abwere, azigona ndi ana ake mpaka malipiro atuluke, bola asabwere chimanjamanja, atenge nsomba za kwathu. Ndipo anatiuza chimene palibe anachiganiza: kuzizira. Ife timafunda chitenje chimodzi, koma akuti kumeneko madzi akumwa amaluma mano. Abiti Saidi atamva zimenezi analowa m'nyumba n'kutulutsa bulangete limene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni, lili m'chikwama chake, losafundidwapo chibwerereni.

Zinatsala nsapato za kuntchito ndi yodyera mwezi wonse. Ndinayang'ana mathandala anga awiri, amene anatilera ine ndi mwanayu. Ndinagulitsa limodzi. Zinandiwawa, sindinama. Usipa wotsala ndinaufutsa, ndinauyanika, ndinauthira m'dengu lopita kwa mng'ono wa amake Lusi.

Ananyamuka Lamlungu, wakhala kutsogolo, bulangete pamiyendo, yunifolomu yoyera nditaikulunga m'majumbo kuti isanunkhe nsomba. Lolemba foni inalira. Akuti, "Anganga, ndayamba. Koma kuno kuzizira!" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiimbe nthungululu, koma ndinatseka kaye. Ndinafunsa, wadya? Wagona pati? Atayankha bwino ndi pamene ndinaimasula, mpaka nkhuku zinabalalika.

Inu owerenga, makamaka inu agogo anzanga, mwana akapeza ntchito kutali, mbuzi isiyeni idye udzu kaye. Funsani kuti akwera chiyani, akagona pati, azidya chiyani kufikira malipiro, kumeneko amafunda chiyani. Kandalama kochepako nkake ka ulendo, si ka mphika ayi. Ndipo zikakuvutani musadzitsekere m'nyumba ndi manyazi, gogodani, chifukwa wina alibe ndalama koma ali ndi mpando, wina ali ndi m'bale, wina ali ndi chofunda. Chimwemwe changa chinatsala pang'ono kumulanda mwana chimene anachivutikira zaka zonsezi. Thandala lija mpaka lero sindinaliwombole. Ndikamadutsa ndimaonapo usipa wa munthu wina, ndipo ndimadziwa amene analiphika ndine. Koma ndidzaliwombola, inshallah, manja ndikadali nawo.

Malipiro atatuluka Asiyatu anapeza kachipinda kake, anagula chofunda chake, bulangete la eni n'kulibweza pa lole yomweyo. Tinasangalalanso, koma ulendo uno aliyense anabwera ndi kambale kake ka mpunga. Anabwera Abiti Saidi, atafunda bulangete lija dzuwa likuswa mtengo. Anabwera amake Lusi ndi Lusi yemwe. Anabwera Che Mbwana ndi akazi ake a Patuma. Anabwera Ashehe ndi ndodo yawo. Anabwera Che Ajibu, ndinawauza kuti mbuzi zawo azisunge kutali ndi ine. Anabwera Abiti Yusufu, Abiti Musa, amake Maliko, a Mwanaisha anzanga a pa thandala, Che Bwanali osamva khutu limodzi. Ndi Asiyatu wanga, namwino wanga, ali pafoni kuchokera ku Dedza, foniyo ili pakati pa mkeka, tonse tikumuimbira nthungululu!