Mwala wa Achimwene a Hamadi

Achimwene anga a Hamadi analemera makilo 82 kwa zaka makumi atatu, ndipo chilumba chonse cha Kerkennah chinkadziwa, poti eni ake sankatopa kulengeza. Lachisanu lililonse, asanapite ku mzikiti, ankafika pamene ndimagulitsira nsomba n'kukwera pasikelo yanga yaikulu, ine n'kumasanja zitsulo zoyezera.

"Waona, Zohra? Thupi lomwe lija la paunyamata."

"Sikelo ilibe maso, achimwene," ndinkawayankha.

Ali mnyamata anali katswiri wozula masiponji pansi pa nyanja. Ankakumbatira mwala wosalala wa makilo atatu womangidwa chingwe n'kutsika nawo ndi mpweya umodzi, thupi lonse minofu yokhayokha. Masiponji atasowa, anatsegula kamalo kokazingira mandasi padoko. Mandasi ake ngokoma, ndisaname, koma pa khumi alionse awiri ankathera m'mimba mwa wokazinga. Mapewa anaphwa, mimba inatsogola, sikelo osasuntha. Mwala uja anaupachika pakhoma, pamwamba pa chiwaya.

Ndinayesa kuwatsegula maso. Tsiku lina ndinabwera ndi kilo ya mnofu wa nkhosa ndi kilo ya mafuta a kumchira. Mulu wa mafutawo unali wokulirapo. Ndinaponya zonse m'beseni la madzi, mnofu unamira, mafuta anayandama. Iwo anangoti kilo ndi kilo, ndipo ndisamaseweretse ndiwo.

Kutatsala masiku atatu kuti mwana wawo Salma akwatiwe, mlamu wanga Mabrouka, mkazi wawo, ankatsika m'boti atavala chibangili chasiliva cha malemu mayi athu, chimene mkwatibwi aliyense wa m'banja mwathu amavala pa tsiku lake. Chinavuka, n'kugwera pakati pa boti ndi doko, pamadzi akuya mamita asanu. Mlamu anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

Mkwati anati aitana munthu wolowa pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kuchokera ku mzinda wa Sfax.

"Chibangili cha mayi anga akachitole mlendo, ine ndili moyo?" anatero achimwene. Anazimitsa moto, n'kutsitsa mwala wawo pakhoma.

Asodzi anasiya maukonde kudzaonera. Achimwene anavula malaya, anakoka mpweya ngati kale, n'kudumpha. Mutu unalowa, manja analowa, koma matako anatsala pamwamba akuothera dzuwa, miyendo ikupalasa m'mwamba.

"A Hamadi, musasunthe, timangirire boti pamenepo," anatero msodzi wina, doko lonse n'kufa nacho chiseko.

Nanenso ndinaseka, ndivomere. Koma atalephera kachitatu anagwira chingwe cha doko akupuma wefuwefu, ndipo nditaona nkhope yawo chiseko chinandithera. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinagwada pafupi.

"Mwalawu wapepuka, Zohra," anandinong'oneza.

"Mwala ndi womwewo, achimwene. Inu mumakazinga tsiku ndi tsiku, munaonapo mandasi akumira?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mimba yawo.

"Ndiye nditani, mlongo wanga? Mwana akwatiwe dzanja lili mbee?"

Ndinathamanga, ine wa mawondo ovutawa, kukatenga zitsulo zanga zoyezera. Ndinaika za makilo anayi m'kathumba n'kukamangirira kumwala. Ulendo uno madzi anawameza onse, ndi matako omwe. Mlamu anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa, ine ndikuwerenga chamumtima. Nditafika pa makumi anayi, achimwene anausiya mwala pansi, ndipo mafuta aja anawabweza okha. Anatumphuka ngati botolo lopanda kanthu, chibangili chili kumano.

Asodzi omwe aja anawanyamula, ngakhale anafunika anayi. Pokoka chingwe, mwala unabwera wokha. Mfundo yanga inali itamasuka, ndipo zitsulo zanga zili pansi pa doko mpaka lero.

Salma anavala chibangili cha agogo ake. Paukwatipo achimwene ankauza aliyense kuti potsika anawatsitsa ndi Zohra, pokwera anawakweza ndi mandasi.

Ndinagula zitsulo zina. Lachisanu lotsatira anabwera monga mwa nthawi zonse, ndipo ine ndinayamba kuzisanja. Anaiyang'ana sikelo ija, anasisita mimba, n'kukhala pabenchi.

"Zisiye, Zohra. Nyanja inandiyeza kale," anatero, akundipatsa mandasi awiri otentha. Lina lachitatu analidya okha.