Za m'komputadolo ya malemu amagawa ndani?

Lolemba ndinanyamula komputadolo ya malemu mkazi wanga kupita nayo kwa a Fabiyao, amene amakonza makina kuseri kwa msika wa ku Ulongwe. Apongozi anali atanena kuti ipite kwa mlamu wanga Selina, amene wayamba maphunziro a uphunzitsi ndipo ntchito za m'kalasi amavutika nazo pa foni. Sindinatsutse. Vuto linali ukalamba wa makinawo: ukawayatsa, umatha kukatunga madzi n'kubwerako asanadzuke.

A Fabiyao anaifufuza n'kunena kuti siinafe, yangolemedwa. Memoliya yake ndi yochepa, koma inasenzetsedwa sisitema yopangidwira makina atsopano. Anati ngakhale onyamula katundu pa njinga ku Kalomwe amayamba ayang'ana masipoko asanakweze thumba lachitatu la mbatata. Mankhwala ake ndi kufufuta zonse n'kuikamo sisitema yopepuka, yaulere, yopanda zokongoletsa.

Kodi inu mumadziwa kuti pamenepa munthu amachita kusankha? Ine, mphunzitsi wotchedwa pulofesolo, ndi sukulu yanga yonse, ndinkayesa kuti komputadolo imabwera monga imabwerera wailesi. Koma ayi. A Fabiyao anayamba kundifunsa chimodzichimodzi: Selina azichita nayo chiyani?

Pulogalama yolembera inalipo yaing'ono ndi yaikulu. Yaing'onoyo imathamanga, koma zolemba zake nthawi zina zimasokonekera zikatsegulidwa pa makina a aphunzitsi. Tinasankha yaikulu, ngakhale ndi yolemera. Yoonera intaneti ndiyo imadya memoliya kuposa zonse, choncho anati ndikamuuze Selina asamatsegule masamba ambirimbiri nthawi imodzi. Ya nyimbo tinatenga kakang'ono. Ndipo lamulo lawo lalikulu linali lakuti pasakhale chilichonse chodziyambitsa chokha makina akayaka.

Zithunzi, nyimbo za kwaya ndi zokonzera maphunziro zimene mkazi wanga anasiya, anazikopera pa fulashi, ine ndikuona. Zonsezo zinakwana m'kanthu kofanana ndi chala.

Panatsala chimodzi.

Mkazi wanga anali woiwalaiwala, ndiye anadziikira chikumbutso m'kalendala ya m'komputadolomo. Lachinayi lililonse pa kinze ola, 3 koloko masana, pagalasi pamatuluka mawu akuti: Kwaya ku Fonte Boa, popa njinga. Chimuikireni m'manda, Lachinayi lililonse ndakhala ndikuyatsa makinawo nthawi isanakwane, n'kukhala pansi kudikira. Ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinawauza a Fabiyao chifukwa kalendalayo inali pa mndandanda wa zochotsa.

Iwo anati:

"Mawuwo ndingathe kuwaikanso m'sisitema yatsopanoyo, a pulofesolo. Koma wolemba adzakhala ine, ndi zala zangazi. Komanso azidzatulukira Selina ali m'kalasi."

Ndinaona kuti akunena zoona. Chithunzi chimakopeka. Chizolowezi cha munthu, mmene ankasanjira zinthu zake, chimene ankadziuza yekha, sichilowa pa fulashi.

Pobwerera kumudzi ndinaganiza za tsiku limene abale anagawa katundu wake titameta. Akuluakulu sanazengereze. Zitenje zinapita kwa uje, mbale kwa uje, khasu kwa azakhali. Palibe amene anandifunsa kuti ichi chitsale kapena chipite. Pa nthawiyo zinandiwawa. Tsopano ndikuona kuti mwambowo umamulanda wamasiye ntchito imene sangaithe yekha. Paja mutu umodzi susenza denga.

Koma komputadolo anangoisuntha ndi dzanja n'kuti imeneyo idzaoneka. Foni nayo chimodzimodzi. Akuluakulu amadziwa kugawa zogwirika. Za m'kati mwa makina amazisiyira wotsalayo, yekhayekha.

Tayang'anani m'foni mwanumo. Mulibe nambala ya munthu amene anatisiya? Mulibe mawu ake amene anakutumizirani, mwina akukufunsani mtengo wa fetereza ku Domwe? Simukufuna kuwamvera, komanso simungawafufute. Foni ikadzaza, imakufunsani kuti ichotse ziti, ngati ikufunsa za zinyalala. Mwambo wake wa zimenezi uli kuti? Kapena ndi ife amene tiyenera kuuyamba?

Lolemba lija ndinawapempha a Fabiyao kuti adikire mpaka Lachisanu, ndipo makinawo ndinabwerera nawo kunyumba. Lachinayi ndinamuitana Selina, ndinamufotokozera zonse, tinakhala pakhonde makina ali pakati pathu. Nthawi itakwana, mawu aja anatuluka. Anawawerenga kawiri, n'kuseka misozi ili m'maso.

"Achemwali njinga imeneyi sanaipopepo ndi tsiku limodzi lomwe, alamu. Ankangokuwerengerani mokweza, wopopa n'kukhala inu."

Ndi mmene zinalilidi. Ndinali nditaiwala.

Pansi pa mawuwo pali kabatani kothetsera chikumbutso mpaka kalekale. Ndakhala ndikukaona mlungu ndi mlungu. Ndinamupempha Selina kuti adine ndiye, poti malemuyo anali mkulu wake asanakhale mkazi wanga. Anapukuta chala pa chitenje, anadina.

Lachisanu a Fabiyao anafufuta zonse, ndipo Selina wapita nayo komputadoloyo. Akuti ikugwira bwino.

Ine ndinapeza wondidinira. Tsiku logawa zitenje likadzafika kwanu, adzakhale pambali pa wamasiye n'kutsegula naye foni ndani?